Misomali ya Kuseri kwa Chitseko

Inu amene m'mawa uliwonse mumatuluka m'nyumba mawu atasasa, mwana wina akulira, wina akukwawa pansi pa bedi kufunafuna nsapato, imvani za bambo wina wokonza njinga. Anthu ankangomutchula kuti Sipoko, poti anali wamtali ndi wowonda ngati sipoko ya njinga, ndipo mwiniwake dzinalo sankalikana.

Tsiku limene zinthu zinafika poipa, Sipoko anaima pachipata cha sukulu chitatsekedwa kale. Anali atagwira dzanja la mwana wake womaliza, kamtsikana kotchedwa Nyerere chifukwa sikankayenda chimanjamanja. Phazi lina Nyerere anavala nsapato yake, lina ya achimwene ake. Diresi la sukulu linali lonyowa m'khosi, ndipo m'mimba munalibe kanthu chifukwa tiyi anatayikira pambaula.

Mlonda anayang'ana mapazi a mwanayo, kenako nkhope ya bamboyo. Sipoko anachita manyazi mpaka kulakalaka akanangomulalatira.

Mkazi wake anali atamwalira chaka chapitacho, n'kumusiyira ana atatu: mtsikana wamkulu, mnyamata wokonda tulo, ndi Nyerere. Mayi ali moyo, Sipoko ankaganiza kuti m'mawa umadziyendera wokha. Ankadzuka madzi ali kubafa, ana atavala, tiyi ali patebulo. Munthu wodziwa njinga chonchija, sankadziwa kuti panali wina amene ankapalasa.

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera alamu ake, mkulu wake wa malemu, amene ana ankawatchula kuti amayi aakulu. Aphunzitsi anali atawaimbira foni. Mayiwa sanali oipa mtima, kungoti ankakhala kutali ndipo polankhula sankazungulira.

"Alamu, sindinabwere kudzakangana," anatero. "Akuluakuluwa angathe kupirira. Koma wamng'onoyu ndidzamutenga teremu ikamatha. Mwana wa mng'ono wanga sangamayende ngati alibe abale."

"Ndipatseniko mpata, alamu," anatero Sipoko.

"Mpata ndi womwewu. Ndidzabwera osakuuzani."

Sipoko anachita mantha. Nyerere ankaseka ngati mayi ake, ndipo nyumba yopanda kuseka kumeneko iye sankaifuna.

Poyamba anayesa kukuwa. Ankakuwa kuchipinda, kukuwa kubafa, kukuwa pakhomo, mpaka ana a nyumba yoyandikana anayamba kufika msanga kusukulu chifukwa cha mawu ake. Ake enieni ankachedwabe.

Kenako anaganiza zowadzutsa kusanache. Zimenezi zinathera pomupeza mnyamata uja ali mtulo kubafa, atakhala pachidebe, sopo ali m'manja.

Amene ankapsa nazo kwambiri anali mtsikana wamkulu. Kusambitsa Nyerere anali iye, kusita iye, kufufuza makope a aliyense iye. Tsiku lina anaika supuni pansi n'kuyang'ana bambo ake m'maso.

"Ababa, ine si amayi," anatero motsitsa mawu. "Nanenso ndine mwana wa sukulu."

Mawu amenewo anamutsatira Sipoko mpaka kuntchito. Tsiku lonse anamata machubu ndi kuwongola mawilo maganizo ali kutali, moti makasitomala anamufunsa ngati akudwala.

Mukashedi kake kogwirira ntchito munali thabwa lalikulu pakhoma. Chitsulo chilichonse chinali ndi msomali wake, ndipo pamsomali uliwonse anajambulapo ndi penti maonekedwe a chitsulocho. Poweruka ankangoponya maso pathabwapo. Madzulo amenewo anaona chithunzi chimodzi chili chokha, sipanala yaing'ono palibe. Anaifuna, naipeza pansi pa tayala lakutha, naipachika.

Ali pafupi kutseka anaima, n'kuyamba kuseka yekha. Chitsulo chopanda moyo ankachifuna madzulo mtima uli m'malo, koma nsapato ya mwana wake ankaifuna m'mawa akutuluka thukuta.

Anabwerera kunyumba atamanga thabwa pakaliyala, misomali m'thumba, ndi kachitini ka penti wotsala. Anakhoma thabwalo kuseri kwa chitseko, nakhoma misomali mzere wowongoka bwino, n'kuitana ana kuti adzaone. Nyerere anaima ndi zala za kumapazi, natambasula mkono, koma sanafikeko n'komwe. Munthu wamkulu anali atayeza ndi phewa lake.

"Ababa, mwakhomera nyamalikiti kapena ife?" anafunsa mnyamata uja.

Anaseka onse, ngakhale mtsikana wamkulu amene anali atatenga nthawi osaseka. Sipoko anakhoma mzere wina m'munsi. Misomali ya pamwamba anaisiya, ndipo mpaka lero imatchedwa ya nyamalikiti.

Mwana aliyense anagwirizira zinthu zake pathabwa, bambo akuzungulira ndi penti: chikwama, nsapato, masokosi, malaya. Koma changu chinawapweteka. Anapachika zovala penti asanaume, ndipo m'mawa mwake mnyamata anapita kusukulu ndi mzere wakuda paphewa. Anachedwanso tsiku limenelo.

Sipoko sanagwe ulesi. Anagawa ntchito, koma ulendo uno anayamba wafunsa. Moto ndi madzi osamba anatenga yekha, kusita anakuika madzulo n'kuyamba kuphunzira. Mtsikana wamkulu anangosankha kudula buledi ndi kudzisamalira yekha, ndipo bambo ake anati n'zokwanira.

Nyerere anasankha upolisi. Akatha kudya madzulo ankaima pathabwa paja ndi kandodo, n'kumaloza chithunzi chilichonse chopanda mwini. "Pano palibe," ankatero, ndipo wolakwayo ankadzuka kukafuna nthawi yomweyo. Wogwidwa kawirikawiri, ndikuuzeni zoona, anali Sipoko mwiniwake ndi kiyi wa kushedi.

Vuto linatsala pa mnyamata wa tulo uja. Kumugwedeza sikunkathandiza, kumuchotsa bulangete ankangodzipinda. Koma panali chinthu chimodzi chimene ankachisirira kuyambira ali wamng'ono: pampu ya bambo ake, imene sankaloledwa kuigwira.

"Kuyambira mawa, kupopa matayala a njinga yathu ndi ntchito yako," anatero Sipoko. "Ukagona, ndipopa ndekha."

M'mawa mwake anaima pafupi ndi zenera n'kukankha pampu kamodzi kokha. Mnyamata anatuluka akuthamanga, diso lina likadali lotseka. Munthu amene mawu a bambo ake sankamudzutsa anadzutsidwa ndi kamphepo.

Musaganize kuti zonse zinangoti myaa. Kunali masiku a mvula pamene zovala sizinaume. Kunali tsiku limene Nyerere ananyanyala ntchito chifukwa achimwene ake anamutchula kuti kapolisi kopanda mano. Kunalinso tsiku limene Sipoko anapsereza kolala ndi simbi. Koma madzulo aliwonse ankabwerera pathabwa paja, ndipo pang'ono ndi pang'ono kukuwa kunatha m'nyumbamo. Ana a nyumba yoyandikana anayambiranso kuchedwa.

Chimene Sipoko sankayembekezera chinali nthawi yotsala. Anapezeka akukhala pansi onse anayi, akumwa tiyi wotentha, akumva maloto a Nyerere amene sankatha msanga. Mtima wake unkadzaza, ndipo ankawasowa malemu mosawawa ngati kale.

Teremu ili pafupi kutha, kunamveka kugogoda m'mamawa. Anali amayi aakulu, atanyamula chikwama chachikulu chopanda kanthu. Sipoko anayang'ana chikwamacho. Anadziwa kuti chabwera kudzatenga zovala za Nyerere.

"Pitirizani, alamu," anatero mayiwo. "Muziyesa kuti ine palibe."

Anakhala pampando wa pakona, chikwama pamapazi. Panja pampu inkalira. Mtsikana wamkulu ankadula buledi akung'ung'udza nyimbo. Nyerere anatuluka kubafa, napita kuseri kwa chitseko, natsitsa diresi, masokosi ndi nsapato ziwiri zofanana, n'kuvala yekha. Palibe amene anakweza mawu. Sipoko anathira tiyi osataya ngakhale dontho.

Atatha kuvala, Nyerere anatenga kandodo kake n'kuima pamaso pa mlendo.

"Amayi aakulu, m'nyumba muno chikwama sichikhala pansi," anatero. "Ababa, chipachikeni pa nyamalikiti."

Sipoko anayang'ana alamu ake. Iwo sanakane, ndiye anachinyamula n'kuchipachika pamsomali wa pamwamba.

Mayiwo anakokera Nyerere pafupi. Anayang'ana kuseri kwa makutu, zikhadabo, ndi mabatani. Anamwa tiyi wawo, kenako anatsagana nawo mpaka kusukulu, Nyerere ali pakaliyala, bambo akukankha njinga. Chipata chinali chotsegula, ndipo mlonda uja anakweza dzanja kupereka moni.

Ana atalowa, amayi aakulu anaima kanthawi akuyang'ana kamtsikanako kakuthamangira anzake. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Kusita simukudziwabe, alamu," anatero. "Kolala ija yandichititsa manyazi. Loweruka ndidzabwera kudzakuphunzitsani."

"Zikomo, alamu. Nanga chikwama chanu chija?"

"Chisiyeni pomwepo. Chapeza msomali wake."

Sipoko anatembenukira kunjinga yake. Anangowerama n'kumafinya tayala lakutsogolo ngati laphwa, pomwe mnyamata anali atalipopa bwinobwino.

Chikwamacho chikadali kuseri kwa chitseko, ndipo amasungiramo masokosi amene anzawo anasowa. Nyerere anakulira m'nyumba ya bambo ake, ndipo tsopano watalika moti amachitsitsa yekha.

Ndiye inu amene mukuona ngati m'mawa wakugonjetsani, musadzione ngati kholo lolephera. Sipoko sanasinthe ana ake, ndipo sanapeze nyumba yaikulu. Anangoyamba madzulo, ndi thabwa limodzi, nalakwitsa, nakhomanso. Mukakhoma pamwamba, tsitsani. Penti akadetsa malaya, chapani. Mawa kukachanso, ndipo ana anu akuyembekezera inu: osataya mtima.