Kuonda kwa Amayi a Pasaluni

Kwathu munthu akaonda safunsidwa kuti wachita bwanji, amafunsidwa kuti wadwala chiyani. Ndinabadwira momwemo, ndikuzidziwa bwino, koma tsiku limene ndinaika zithunzi zanga ziwiri pa intaneti, chakale ndi chatsopano, chimwemwe chinandiiwalitsa.

Ku Cape Town ndinabwera kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Camps Bay. Madamu anga ankachita majowajowa m'mawa uliwonse pabalaza, mphunzitsi wawo ali pa kompyuta, akuwakalipira ali kutali. Ine ndi mopu m'manja ndinkaseka chamumtima: munthu mpaka kulemba ganyu wina kuti azimutopetsa! Koma masitepe a nyumba imeneyo ankandimaliza mawondo, ndikafika pamwamba ndinali wefuwefu. Ndinayamba kuba ndi maso. Ndikabwerera kukachipinda kanga ka lendi ku Mfuleni ndinkayeserera zonse, zonyamula zanga zili zigubu zodzaza mchenga. Mchenga ku Mfuleni sitigula, mphepo imatibweretsera mpaka pabedi.

Thupi litayamba kumvera, ndinachita kakosi ka pa intaneti kuti ndisamapweteke anthu, kenako ndinatsegula gulu langa pa foni. Foni ndinkaiimika pa chidebe, n'kumaphunzitsa m'mamawa anthu asanathamangire takisi. Ankalowa amayi anzanga a ntchito za m'nyumba, ogulitsa zovala, ena ogona kwa mabwana awo komweko. Azimayi achisilamu ndi amene anandikonda kwambiri, chifukwa ankadumpha m'chipinda mwawo popanda diso la mwamuna. Gulu linkakula. Zithunzi ziwiri zija ndinaziika kuti likulirekulire.

Ku Nyanga, pafupi ndi pokwerera matakisi, kuli kontena ya saluni. Eni ake ndi amayi a mudzi woyandikana ndi wathu, anthu a thupi lawo, a mawu okoma ngati akukupatsa moni wa pamaliro. Mu kontena imeneyo tsitsi limalukidwa limodzi ndi mbiri za anthu. Amayi amenewa anatenga zithunzi zanga n'kuzitumiza kumudzi, pansi atalemba kuti: taonani mmene wathera mwana wanu kuno, muzimupempherera.

Nkhaniyo itafalanso kuno, ena m'gulu langa anatuluka mwakachetechete. Zimenezo ndikanazipirira, makasitomala amapita n'kubwera ena. Koma kumudzi ndili ndi mwana wamkazi, wa ku pulayimale, amene amakhala ndi achemwali anga aakulu. Tsiku lina mwanayo anandiimbira, mawu ali pansipansi.

“Amama, mukamwalira adzakubweretsani pa galimoto, kapena adzakuikani konko?”

Ndinakhala pansi pa simenti. Ndinamuuza kuti sindikudwala, ndinatsegula vidiyo, ndinadumpha, ndinanyamula zigubu zonse ziwiri mpaka pamwamba pa mutu. Anangondiyang'ana.

“Anti a ku saluni anati odwala amabisa,” anatero.

Achemwali anandiuza kuti mwanayo chakudya akungochitosa, kusukulu akungokhala duu, ndipo galimoto yachilendo ikaima pamsewu amathawira kuseri kwa nyumba. Kupita kwathu sindikanatha, mapepala anga anali asanalongosoke, ndikanatuluka kubwerera kukanavuta. Ndinkamuimbira tsiku ndi tsiku, koma mawu anga anali atatha mphamvu. Mayi ake ndinali ine, koma wokhulupirika anali wa pasaluni.

Ndinapita ku Nyanga mtima uli m'mwamba. Ndinawapeza akuluka mutu wa mtsikana wina, chingamu m'kamwa.

“Iii, achemwali, shemu, ine ndimangodandaula nanu,” anatero osasiya kuluka. “Ndi chikondi. Ukaona mnzako akutha, ukhale chete?”

“Muwaimbire kumudzi muwauze kuti si zoona.”

“Nanga ine ndine dokotala?”

Onse mu kontena anaseka. Ndinatuluka ndisanachite zoti apolisi abwere. Ndinadana nawo amayi amenewo, ndipo sindichita manyazi kunena. Ku tchalitchi akamati tikhululukire adani athu, ine ndinkayang'ana kudenga n'kumawerenga malata. Matenda amene ankandinenerawo si mlandu, ndili ndi anzanga akumwa mankhwala ndipo ndi athanzi kuposa ine. Mlandu unali mwana wanga kudikira bokosi.

Dzinja la kuno litadutsa, foni yanga inalira. Anali amayi a pasaluni aja, mawu atafewa ngati nthochi yakupsa. Ku chipatala anawauza kuti bipi yakwera, shuga nayenso wayamba, ndipo akapanda kuchepetsa thupi adzagwa ali chiimire ndi chipeso m'manja. Ku jimu ankaopa maso a anthu. M'gulu langa sakanalowa, poti anali atalinyoza pamaso pa aliyense.

“Mundiphunzitse pandekha, sisi. Koma pasadziwe munthu. Lumbirani.”

Ndinalumbira msangamsanga, mpaka iwo anadabwa.

Wina angaganize kuti ndinawapatsa masewera owathyola msana. Ayi ndithu. Ndinawaphunzitsa ngati mwana wa mayi anga. Tinayamba ndi kuyenda pamalo amodzi, kukhala pampando n'kudzuka, kukankha khoma, iwo n'kumanditumizira mavidiyo kuti ndione ngati akuchita bwino. Ndinawaletsa zakumwa zotsekemera ndi magwinya, mandasi a kuno ogulitsidwa pokwerera matakisi, ndinkawauza kuti azinditumizira chithunzi cha mbale asanadye. Akajomba ndinkawaimbira mpaka ayankhe. Akalira kuti miyendo ikuwawa ndinkati, tiyeni amayi, thupi likumva. Palibe kasitomala amene ndinamusamalira chonchi, ndipo thukuta lawo lililonse linkandikoma.

Anaonda. Anaonda bwino kwambiri, khosi linaoneka, madiresi anayamba kulendewera, bipi inatsika. Ndipo anthu a ku Nyanga ndi ku Mfuleni, amene iwo omwe anawaphunzitsa kuwerenga matupi a anzawo, anayamba kuwerenga lawo.

Ndinazimva koyamba mu takisi. Mayi wina wa kwathu, wa chigawo cha kumpoto, anandikodola, n'kunong'ona.

“Kodi amayi a pasaluni aja mwawaona? Atha, eish. Akuti chiyani?”

“Ine za anthu sindilowerera,” ndinayankha, maso ali pawindo.

Sindinaname. Sindinawonjezepo ngakhale kamchere. Ndinangosunga lumbiro langa monga Mkhristu wabwino, choipa chikutsata mwini. Mipando ya mu kontena inayamba kukhala yopanda anthu. Ena ankati manja awo akuzizira, ena ankati sangalole munthu wodwala kuwagwira m'mutu ndi singano yosokera wivi. Umbuli wokhawokha, koma unali umbuli umene unaleredwa mu kontena momwemo. Iwo anayesa kunena kuti ndi majowajowa, anthu n'kumagwedeza mitu mwachisoni, chifukwa paja odwala amabisa.

Anandiimbira akulira.

“Sisi, auzeni anthu kuti ndimaphunzira kwa inu. Ikani mavidiyo aja, aone okha.”

“Munandilumbiritsa, amayi.”

“Ndakumasulani!”

“Mwandimasula inu, koma ine sindinadzimasule.”

Ndinawauza mtengo wake. Abwere kwanga, tiimbe vidiyo kumudzi, mwana wanga ali pomwepo, anene ndi pakamwa pawo. Osati zoti ndinaona molakwa, osati zoti anthu anandimva molakwika. Anene kuti ndinanama. Akatero, mavidiyo awo ndiwaika pagulu tsiku lomwelo, dziko lonse liwaone akukankha khoma.

Anadula foni. Anati ndine mfiti, uthenga unandipeza. Ine ndinapitiriza kuwatumizira masewera a sabata imeneyo monga mwa nthawi zonse, ndi kachithunzi ka mtima pansi pake. Kudikira kunandiwawa, chifukwa tsiku lililonse la kunyada kwawo linali tsiku linanso la mantha a mwana wanga, koma ndinadziwa kuti kontena yopanda anthu iwabweretsa.

Anabwera Lamulungu lina masana, atavala diresi ya ku tchalitchi yomangidwa ndi lamba kuti isagwe. Sindinawapatse tiyi. Ndinawalozera pabedi, ndinaimba, achemwali anayankha n'kuitana mwana. Nkhope yake itatulukira pa foni, yowonda kuposa mmene ndinaisiyira, mkwiyo unandibwereranso wonse.

“Mwana wanga, ndine anti a ku saluni,” anayamba. “Zija ndinanena za amayi ako zija...”

Anaima. Ndinawayang'ana.

“Ndinanama. Amayi ako sakudwala. Amachita masewera olimbitsa thupi, ndi ntchito yawo, amaphunzitsa anthu.”

“Ndiye sakufa?”

“Sakufa. Ndinanama ine.”

Mwanayo anapuma mpweya waukulu, mapewa n'kutsika, ndipo ndinamuona akuyang'ana ine, mayi ake, ngati munthu amene adzabwere yekha ndi miyendo yake. Misozi inanditsika, sindinaipukute. Atatero anasendeza nkhope pafupi ndi foni, n'kuwayang'anitsitsa amayi aja kuyambira kukhosi mpaka m'manja.

“Koma anti, inuyo mwaondatu. Mukudwala?”

Amayi a pasaluni anatembenukira kwa ine, maso akupempha kuti ndiwayankhire. Ndinagwira foni ndi manja awiri kuti isagwedezeke, n'kuwasiya ayankhe okha.