Fomu Yanga Inakulunga Mtedza

Ana anga amandiseka kuti ndimaopa kulemba za ine pa foni. Aseke. Iwo sanaonepo chinsinsi chawo chitanona mafuta.

Matipate atangoyamba, aliyense ankati ntchito zabwera. Ine ndinali nditaphunzira taipi, ndipo kampani ina m'tauni inkafuna mlembi. Mnzanga ananditsina khutu kuti abwanawo safuna akazi apabanja, ati sachedwa kupempha tchuthi mwana akangotsokomola. Ndiye pa fomu ndinalemba kuti ndine mbeta, mwana ndilibe. Ndinkalemba zimenezi khanda lili kumsana, likundikoka tsitsi.

Ntchitoyo sindinaipeze, za fomu n'kuiwala. Sindinkadziwa kuti mapepala otha ntchito m'maofesi ankathera kumsika, kwa ogulitsa mtedza ndi zitumbuwa.

Tinkakhala ku Chilomoni, mpanda umodzi ndi apongozi anga aamuna, omwe anapuma pa umesenjala. Bambo amenewa sankadutsa pepala osaliwerenga, ngakhale la sopo. Loweruka lina anabwera kuchokera kumsika, mtedza atakhuthulira m'thumba la jekete, pepala lili m'manja.

"Mayi, tabwerani kuno."

Ndinagwada chapatali. Anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza: dzina langa, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu. Atafika pa mzere uja anatsokomola.

"Akuti ndinu singo, simunakwatiwe. Ndiye mwana wanga uja ndi tenanti wanu? Nanga chikulira pakhondepo n'chiyani, wailesi?"

Ndinachita mantha osasimbika. Mwamuna wanga anali wansanje. Akanamva kuti ndinamukana papepala, ndikanalongedza tsiku lomwelo.

Apongozi anatembenuza fomuyo. Kuseri kunali funso la wachibale woti adziwitsidwe pakagwa zovuta. Pamenepo ndinalemba dzina lawo, ndipo pa ubale ndinati ndi bambo anga. Ondibereka anamwalira ndili wamng'ono, ndipo tsiku lija dzina lina silinabwere m'mutu.

Anapukuta magalasi awo osada. Kenako anang'amba kachidutswa pamene panali dzina lawo n'kukaika m'thumba, fomu yotsalayo n'kuiponya pambaula.

"Mtedza wa lero anakulunga m'nyuzipepala," anatero. "Pitani mukayamwitse wailesi yanu."

Nkhaniyo inathera pomwepo, mwamuna wanga osamva kanthu. Apongozi atamwalira, tikusanja katundu wawo, m'Baibulo mwawo munagwa kachidutswa kaja, mafuta a mtedza akuonekabe. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda, mwamuna wanga akungondifunsa kuti kapepala kakuda chonchi kali ndi chiyani.