Mphasa ya Pilatesi Pansi pa Bedi Langa

Ndiyambe ndi kuthokoza Ambuye amene anandisunga pamene anthu ananditaya.

Ndine mphunzitsi, mayi wamasiye, ndipo ndinabwera ku Chitipa kuno kuchokera kummwera. Chizindikiro choyamba cha matenda anga chinali msana. Unayamba kuwawa m'nyengo yozizira, ndikaima nthawi yaitali pa bolodi. Mnzanga wina anandiuza za mayi Nyakaonga, amene amaphunzitsa masewera a pilatesi Loweruka lililonse pa Boma. Timagona pa timphasa, kukweza miyendo pang'onopang'ono, kupuma mozama. Msana unapepukako.

Koma mimba inayamba kutupa m'munsi, ndipo kumwezi ndinkataya magazi ambiri. Ndinkafika kusukulu ku Lufita ndili wefuwefu. Amayi a kumpingo kwathu anaona mimbayo, anamvanso kuti ndimavala buluku ndi kugona chagada pagulu. Anagwirizana kuti ndili ndi pakati pa mwamuna wa mwini, ndipo masewerawo ndi ochotsera mimbayo. Anandiletsa kutsogolera nyimbo. Ndikakhala pabenchi ankasuntha. Wina, amene ndinkagawana naye buku la nyimbo, anandiuza kuti, "Mama, pitani mukalape, tchimo layamba kuoneka."

Mayi Nyakaonga anandigwira pamimba tsiku lina nati, "Apa si pa masewera, pitani kuchipatala." Sindinapite. Ndinkaopa kuonedwa pamzere wa amayi oyembekezera, kuti bodza lija lingapeze umboni. Ndinapirira mpaka mvula yoyamba, pamene ndinakomoka m'kalasi ana akuona.

Kuchipatala anandiyeza magazi, nandiunika m'mimba. Dokotala anati, "Muli zotupa m'chiberekero, ndipo mwachedwa nazo. Tichotsa chonse." Ndinadikira masiku angapo kuti magazi ondithira apezeke. Anamwino anafunsa za wondidikirira, poti wodwala aliyense amakhala ndi wake womuphikira ndi kumusambitsa. Abale anga ali kutali. Ndinatumiza uthenga kumpingo. Yankho linali lakuti akundipempherera kuti ndiulule.

Amene anabwera ndi mayi Nyakaonga. Anayala kamphasa komwe kaja pansi pa bedi langa, nagonapo mpaka ndinatuluka. Atandichita opaleshoni, ndi iwo ankandidzutsa ndi kundikumbutsa kupuma monga tinkachitira, kuti chilonda chisakoke.

Lero ndili bwino. Ndabwerera kukalasi, ndipo adokotala atandilola ndinabwereranso ku pilatesi, mosamala. Kumpingo ndimapitabe, chifukwa ndimapembedza Mulungu, osati benchi. Palibe anapepesa. Ena akuti opaleshoniyo inali yobisa manyazi. Chiberekero chilibe pakamwa, sichingabwerere kudzandichitira umboni.

Amayi anzanga, masewera amalimbitsa thupi koma sachotsa chotupa. Mukaona magazi osaleka kapena mimba ikutupa, pitani msanga kuchipatala, ngakhale akulozeni chala. Olozawo sadzagona pansi pa bedi lanu.

Ambuye akusungeni, akupatseni mtima wosaopa pakamwa pa munthu, ndipo pa tsiku la kudwala akutumizireni woyala mphasa pambali panu. Ameni.