Gwape Amene Amayi Anabereka

Dzulo ndikudutsa pa bucha ina ku Chileka, fungo la mbuzi yongosendedwa kumene linandibweza kwathu ku Lirangwe, ndili kamtsikana.

Chaka chimenecho amayi anabwerako kuchipatala chimanjamanja. Khandalo azimayi anakaliika kudambo mwakachetechete, popanda wolira, ndipo ine anangondiuza kuti lapita. Abambo anali atabwerera kuntchito kutali, koma msampha umene anatchera unali ukadali kudambo komweko.

M'mawa wina wa chiperoni ndinaona amayi akukwera chitunda pang'onopang'ono, atabereka chinthu m'chitenje chimene anagulira khanda lija. Timiyendo tiwiri tinkalendewera.

"Amayi, mwakamutenga?"

"Choka panjira, Esinati. Ndi gwape uyu. Kusenza ndalephera."

Sindinawakhulupirire. Mphamvu zomukweza analibe, choncho anamumanga miyendo ndi chingwe, n'kuchiponya panthambi ya mango, n'kudzimangirira m'chiuno. Ankabwerera chammbuyo mpaka gwapeyo analendewera. Anamusenda atakhala pamtondo, akupumira m'mwamba, kenako anakulunga nyamayo ndi chitenje chomwe chija kuti ntchentche zisaterepo.

"Kukuzizira, siwonongeka. Igone pamthunzi ifewe, mawa tiwamba. Uzithamangitsa agalu."

Tsiku lonse ndinakhala pansi pa mtengowo, ndikukankha kamtoloko kuti kazigwedera, uku ndikuyimba nyimbo yotonthozera mwana. Amayi ankandimva ali pakhonde. Sanandiletse.

Nyamayo ndinakana kudya, ndipo sanandikakamize. Ndakalamba tsopano, m'pamene ndikukumbukira kuti nawonso sanalaweko, komanso kuti zitenje zina anali nazo zambiri.