Sitima ya ku Balaka

Chaka chimene ndinkaphunzitsa Sitandade 8 pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Rumphi, kalasi yanga inakwera sitima ku Balaka. Ana oti ambiri a iwo ngakhale ku Mzuzu anali asanapondeko, anadzuka mbandakucha, nagula tikiti, nakhala pa windo n'kumaona mitengo ikuthamangira kumbuyo mpaka ku Limbe. Anakwera papepala, pa mayeso a Chichewa, ndipo wowakwezayo ndinali ine.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Boma linanditumiza kumpoto ndili ndi sutikesi imodzi ndi mtima wapachala umene sunandichoke mpaka lero. Ndinapeza ana olankhula Chitumbuka kunyumba, pabwalo ndi potukwanana pomwe, koma oyenera kulemba mayeso m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Mukanakhala inu mukanatani? Ine ndinachita zimene aliyense ankachita. Ndinalemba chimangirizo cha ulendo wa pasitimawo pabolodi, mutu wake "Tsiku limene sindidzaliiwala," n'kuwauza kuti akopere ndi kuloweza. Mmawa uliwonse ankaimirira n'kuchilakatula onse pamodzi ngati nyimbo ya kwaya. Anachidziwa moti nthawi zina ndinkatuluka kukaothera dzuwa iwo akupitiriza okha.

Pa sukulupo panali mwambo umene aphunzitsi tinkautcha kupeta. Mayina a olemba mayeso a boma asanatumizidwe, tinkawapatsa anawo mayeso athuathu. Kenako ahedi ankalemba mzere pa mndandanda wa malikisi. Amene wagwera pansi pa mzerewo ankabwerera ku Sitandade 7, kuti asakaipitse mbiri ya sukulu zotsatira zikamatuluka. Kwa makolo tinkati mwanayo akhwime kaye. Koma kwa mtsikana wamsinkhu, kubwerera kunali kusiya sukulu basi. Tonse tinkadziwa zimenezo, kungoti pakamwa pathu sizinkatuluka.

M'kalasi langa munali mtsikana wotero, wamtali, wokhala kumbuyo kwenikweni, wosalankhulalankhula. Tsiku lochonga ndinakhala pakhonde ndi mulu wa mapepala, ndipo ndinakwera sitimayo kambirimbiri mpaka mutu kuwawa. Kenako ndinafika pa pepala lake. Munalibe sitima. Iye analemba za tsiku limene ng'ombe yawo inatitimira m'matope m'mphepete mwa mtsinje wa Rukuru. Anafotokoza mmene anthu anaimangira chingwe m'nyanga, mmene inkamuyang'anira iyeyo ndi diso limodzi ngati ndiye waikankhiramo, ndi mmene buluku la bambo ake linang'ambikira kumbuyo akukoka, azimayi n'kugwa ndi phwete mpaka kutaya chingwe. Ndinaseka ndekha pakhondepo, misozi mbwe.

Nditatha kuseka ndinatenga cholembera chofiira. Pamene analemba maji ndinadula, n'kulemba madzi. Adada ndinadula, n'kulemba bambo. Chomene ndinadula malo anayi, n'kulemba kwambiri. Pepala lonse linafiira ngati paphedwa nkhuku, ndipo malikisi amene anatsala anamugwetsera pansi pa mzere. Anatsala pang'ono chabe, koma mzere sudziwa pang'ono.

Chimene chinandidzutsira ukali chinabwera tsiku lotsatira. Ndinkaphunzitsanso phunziro la Baibulo, ndipo pa mayesowo panali funso la lamulo loletsa kuchita umboni wonama. Onse anakhoza. Analemba lamulolo osaphonya liwu, nawonjezera kuti Mulungu amadana ndi lilime lonama, monga ndinawalembera m'manotsi. Ana omwewo amene dzulo lake anandinamiza kuti anadya mandasi pa siteshoni ya ku Balaka! Ndinawapatsa malikisi pa bodza, n'kuwapatsanso malikisi pa kudana ndi bodza. Mmodzi yekha amene ananena zoona ndiye tinkamupeta. Ndinasowa pokhala. Ndinalowa m'nyumba, kutuluka, kusesa pabwalo posesa kale, mpaka ndinapita ku ofesi ya ahedi osagogoda n'komwe.

Ahediwo anali bambo wachikulire, mkulu wa mpingo, wochokera m'banja limene linaphunzira ku mishoni ya ku Khondowe kuyambira agogo awo. Sankakweza mawu, ndipo zimenezo zinkandipsetsa mtima kuposa munthu wolalata. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anawerenga pepala la mtsikanayo limene ndinabwera nalo. Pa nkhani ya buluku ija ndinaona mapewa awo akugwedezeka.

"Madamu, mwana uyu ngwanzeru chomene," anatero. "Koma wokachonga mayeso a boma sakamudziwa. Akaona maji, akadula ngati mmene mwadulira inumu."

Ndinati ndiye tikuphunzitsa chiyani, ana kapena zinkhwe? Anayankha kuti iwo analoweza katekisimu ndi Masalmo asanadziwe tanthauzo lake, ndipo tanthauzolo linawapeza atakula, tsiku loika mwana wawo m'manda. Kuloweza si tchimo, anatero. Ndinati Masalmo ndi ena, sitima ndi ina: Salmo silimuuza mwana kuti anene kuti anapita kumene sanapite. Anavomera kuti pamenepo ndanena. Koma anandifunsa kuti mwa makolo onse amene amabwera mu ofesimo, ndi angati amafunsa ngati mwana wawo akunena zoona? Onse amafunsa ngati asankhidwe kupita ku sekondale. Sukulu ikalephera chaka chimodzi, chaka chinacho amasamutsa ana, ndipo akuluakulu a ku boma amabwera ndi mafunso awo. Ndinati ndiye tichotse phunziro la Baibulo pa ndandanda, tisamanamize Mulungu. Apo anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinadziwa kuti ndapyola malire.

Sanandikalipire. Anangondikumbutsa kuti chimangirizo cha sitimacho sanalembe pabolodi ndi iwo. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali oona.

Pomaliza anati mayina atumizidwa Lachisanu. Mtsikanayo akabwera mu ofesimo n'kulakatula chimangirizo chonse osakakamira, amubwezera pamwamba pa mzere, chifukwa akhala ndi chokalemba pa mayeso a boma. Akalephera, abwerere. Ndinatuluka ndisakudziwa ngati ndapambana kapena ndagonja.

Ndinamuitana poweruka. Ndinamuuza kuti nkhani yake ya ng'ombe inali yabwino kuposa zonse, kenako, pakamwa pomwepo, ndinamuuza kuti aiiwale. Anayang'ana pansi n'kumakumba dothi ndi chala chakuphazi.

"Madamu, koma ine sitima nindayiwonepo," anatero, kutanthauza kuti sanaionepo.

"Anzako onsewa anaiona?"

"Yayi."

"Ndiye iwe ndiwe ndani? Ukufuna kulemba mayeso kapena ukufuna kukakwatiwa?"

Ndinachita manyazi mawuwo asanathe n'kutuluka komwe, koma sindinawabweze. Masiku atatu otsatira ndinkakhala naye pansi pa mtengo wa mango ena akapita. Ine ndinkayamba chiganizo, iye n'kumaliza. Sanali wovuta mutu ayi. Anali atachidziwa kale theka, poti ankachimva mmawa uliwonse. Kungoti m'mbuyo monsemo sankafuna.

Lachisanu anaima kutsogolo kwa tebulo la ahedi, manja kumbuyo, maso pakhoma. Anadzuka mbandakucha, anagula tikiti, anakhala pa windo, anadya mandasi, anafika ku Limbe. Sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe, ndipo Chitumbuka sichinalowemo ngakhale pang'ono. Ine ndinaima pakhomo ndikumvetsera. Ahedi anatenga cholembera n'kulemba dzina lake pa mndandanda wa olemba mayeso. Anamuuza kuti wachita bwino.

Tinatuluka limodzi. Ndinkayembekezera kuti athamangira kwa anzake, koma anayenda pambali panga mpaka pa mjigo. Pamenepo anaima.

"Madamu, kasi sitima yikugwedeza chomene? Inu munakwera, eti?"

Sindinakwerepo sitima chibadwire. Ndinkangoiona ikudutsa patali tikapita ku Balaka kukagula zovala. Chimangirizocho anatilembera pabolodi aphunzitsi anga a Sitandade 8 ku Ntcheu, ine n'kuloweza, n'kukhoza nacho mayeso, n'kuchinyamula m'mutu mpaka ku Rumphi. Kaya iwowo anakweradi, sindidziwa. Zonsezi zinali pakamwa panga, ndipo mwanayo anali akudikira, maso ali pa ine.

"Ndinakwera," ndinatero. "Imagwedeza, koma pang'ono."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene mtima wake wakhala pansi. Anapinda maondo, nathokoza kuti yewo, madamu, ndipo anapita. Anandikhulupirira, ndipo chimenecho ndicho chimandiwawa mpaka lero.