Tsiku Limene Malita Anatseka Madzi M'tchalitchi

Ku Limphasa, munda wa mpunga wa mayi Malita uli kumathero kwenikweni kwa ngalande. Madzi amayamba adutsa m'minda ya anthu onse, iwo n'kulandira zotsala. Akhala akulima ndime imeneyi kuyambira ali mtsikana, ndipo ana awo anaphunzira ndi mpunga womwe ankapita nawo kumsika pa njinga. Si munthu wolankhulalankhula. Ngakhale nyimbo kutchalitchi amaimba motsitsa.

Chaka china komiti ya alimi inkafuna kudziwa ngati pakufunika lamulo loti minda izilandira madzi mosinthana, kapena anthu angathe kugawana okha. Kunabwera ofufuza a ku yunivesite ina ndi masewera a pa tabuleti. Aliyense ankapatsidwa munda wongoyerekeza, n'kusankha madzi oti atenge ndi oti asiyire akumunsi. Wokolola zambiri m'masewerawo ankalandira ndalama zochulukirapo. Zosankha zonse zinkalowa m'kompyuta, iyo n'kuonetsa mmene minda ingakhalire zaka zikubwerazi.

Vuto linali malo. Nyumba yokhayo yokhala ndi mabenchi okwanira inali tchalitchi, ndiye anthu anabwera atasamba, atavala za pa Sabata. Ada Yakobe, mkulu wa mpingo yemwe munda wake uli kumtunda, anatsegula ndi pemphero. Mudziwe kuti ndi a Yakobe omwewa amene amatseka ngalande ndi matope dzuwa la Okutobala likafika poipa.

"Ine ndasiyira anzanga theka," iwo analengeza, ngakhale anauzidwa kuti zosankha n'zachinsinsi. "Madzi ndi a Chiuta."

Ndani akanafuna kuoneka wadyera patsogolo pa gome la Ambuye? Onse anasiyira anzawo, a Malita nawonso.

Patapita milungu, Sibongile, mtsikana wotsogolera ofufuzawo, anabwera ndi zotsatira kutchalitchi komweko. Kompyuta inati anthu akuno amagawana bwino, lamulo n'losafunika.

"Koma zakoma mopitirira," anatero Sibongile. "Kodi ndi mmene mumachitiradi?"

"Kwambiri!" anayankha a Yakobe, anthu n'kuomba m'manja.

A Malita sanaombe. Ankaganiza za mpunga wawo wa chaka chatha umene unauma usanatulutse ngala. Popanda lamulo, wa chaka chino ukanaumanso. Komanso anaona kuti kompyutayo sinalakwe. Inangobweza zimene anaiuza, ndipo bodzalo iwonso anali momwemo. Anaimirira.

"Mwanangu, tiseweretsenso. Koma ine undipatse munda wa kumtunda, ndipo zonse zizionekera pakhomapo."

Sibongile anavomera. A Malita anadina chala pa tabuleti n'kutenga madzi onse. Pakhoma, minda ya kumunsi inayamba kusanduka yachikasu.

"Ama! M'nyumba ya Mulungu muno?" anakuwa Ellen, wolima nawo moyandikana.

"Mwatani lero, ama?" anafunsa a Yakobe. "Dyera limeneli mwaliphunzira kuti?"

"Kungalande, ada. Ndikusewera ngati ndi Okutobala."

Wina kumbuyo anaphulika ndi chiseko. Ellen anagwira pakamwa, koma nthawi yake yosewera itafika nayenso anatenga madzi onse, uku akuti, "Pepani abale, mpunga sumva ulaliki." Ena anatsatira. A Yakobe anazengereza, anapukuta magalasi, mapeto ake anadina n'kutenga madzi onse monga amachitira kumunda. Pakhoma panaoneka zimene akumathero ankazidziwa kalekale: kumtunda kobiriwira, kumunsi kopsa.

Komiti inaika lamulo la kusinthana. Tsopano madzi amafika m'munda wa a Malita pa tsiku lawo, ndipo mpunga wa chaka chimenecho unacha.

Sizinali zaulere ayi. A Yakobe anatha nyengo yonse akuwapatsa moni wa pakhosi. Amayi ena mpaka lero amanong'onezana kuti ofatsa ndi amene amaopsa, ndipo ana anawapatsa dzina loti Okutobala. Zimawapweteka, chifukwa moyo wawo wonse sanatsekepo ngalande yeniyeni. Komabe akamva dzinalo sakwiya. Amangokweza khasu paphewa n'kufunsa kuti lero ndi tsiku la ndani lothirira.