Kamwala Kotsala ka Aneba Athu

Ndiye Consolata, aneba athu aja asamukira kuno kuchokera ku Zomba ndi ofesi yawo ya mafoni, eeh, ndi munthu wina! Akaweruka ku Capital Hill savula n'taye yomwe, amangolunjika ku mabotolo awo a mankhwala pakhonde. Mawu awo ndi amodzi: "Silikoni ndi mchenga wopita kusukulu."

Tizidutswa tawo ta silikoni tinasweka mu lole posamuka, kanatsala kamodzi, kotuwa ngati kagalasi. Akuti ukakaviika m'mankhwala n'kulumikiza batire, kamadyeka, ndipo kakhungu kopangika pamwamba pake kamawala. Koma kakadyeka, katha basi.

Dzulo masana ndinawaputa: "Bambo, mwala sungawale."

Anandiyang'ana, n'kutulutsa kotsala kaja! Anakaviika m'botolo n'kulumikiza batire. Tinafunda bulangete kuti mukhale mdima, ine, iwo ndi botolo, thukuta lili kamukamu.

"Osakhudza. Ingodikira."

Kenaka, mayo ine, kanawala! Pang'ono pokha ngati chiphaniphani chodwala, koma ndinakuwa mpaka agalu a mu Area 10 anayankha.

Titavundukula, kamwala kanali katadyeka m'mbali monse. Iwo ankangoseka. "Wakaona? Ndiye sikanapite pachabe."

Ndiye Consolata, Loweruka ubwere ndi wailesi yanu yakufa ija. Akuti m'mimba mwake mwina muli kachidutswa kena ka silikoni.